"Awa musawamvere, ndi a ku Zomba": ndi kuyankhula chabe kapena chipongwe?

MlongoWaTelala
Abale, ndithandizeni maganizo, nkhaniyi yandikhala pakhosi kuyambira Loweruka.

Achimwene anga, oyamba kubadwa kwathu, anadwala mutu mu 2016. Anasiya kugona, ankayankhula okha, ankati wailesi ikuwanena. Tinayenda nawo kwa asing'anga awiri, mbuzi inapita, kenako kumapemphero, pomaliza kuchipatala cha paboma komwe anatilembera kalata ya kuchipatala cha odwala mutu cha ku Zomba. Anagonako miyezi iwiri. Chibwerereni amabayitsa jakisoni mwezi ndi mwezi osaphonya, ndipo amasoka pakhonde la golosale pamsika wathu. Mayunifolomu ambiri a ana a m'mudzi mwathu ndi manja awo.

Loweruka kunali msonkhano wa mjigo. Khomo lililonse limasonkha K500 pamwezi, makomo alipo 60. Mjigo wafa, a komiti akuti m'thumba mulibe kanthu, tisonkhenso. Achimwene anaimika dzanja, anaimirira mwaulemu n'kunena kuti papita miyezi 10 chikonzereni mjigowo, ndalama zimayenera kukhala K300,000, nanga zalowera kuti? Msungichuma sanawayang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa anthu n'kuti, "Awa musawamvere, ndi a ku Zomba awa. Kodi mwezi waoneka?" Anthu onse kufa nako kuseka. Achimwene anakhala pansi n'kumangopinda chipewa chawo m'manja. Funso lawo linafera pomwepo.

Amuna anga akuti ndikukulitsa nkhani, ndi mmene timayankhulira. Ndiye ndifunse: mawu awa, wamisala, wopenga, wa ku Zomba, chidzete, wozerezeka, mawaya anaduka, ndi kuyankhula chabe kapena ndi chipongwe? Nanga munthu wodwala ngati achimwene tizimutchula kuti chiyani?

Kabaza_265
Chemwali, msungichumayo wadya ndalama basi. Za Zombazo ndi fumbi longotithira m'maso. Pa anthu onse amene anali pamenepo, wamutu wogwira anali telalayo.

MauleMpakaKale
Zomwe wachita msungichumayo ndi zopusa, sindikukana. Koma tisayambe zoti mawu akuti akuti aletsedwe. Ine mnzanga wa ponda apa nane mpondepo ndimamulonjera kuti "wamisala iwe, uli kuti?" ndipo iye amati "ndili pano chitsiru iwe." Zaka 15 tsopano, sitinayambanepo. Mukatilanda mawu amenewa tizicheza bwanji, ngati tili pa intavyu?

MwanaWaPaZomba
Ine dandaulo langa ndi lina. Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975. Kuli yunivesite, kuli phiri lokongola, kuli asilikali ku Cobbe Barracks, kuli msika woti anthu amachokera ku Blantyre kudzagula ndiwo zamasamba. Koma ndikangoti kwathu ndi ku Zomba, wina amayamba kale, "Mwatuluka liti?" Tatopa nazo ife.

WaChipata
Kkkk a Zomba pepani, si inu nokha. Kuno ku Zambia ndi Chainama. Munthu akayankhula zosamveka timati wathawa ku Chainama, kapena "ni ofunta uyu." Chipatalacho chili ku Lusaka koma ndi mwana wa kuno ku Chipata yemwe amadziwa dzinalo asanadziwe dzina la nduna iliyonse.

MbadwaYaKuBulawayo
Kuno ndi Ingutsheni. Achishona amati benzi. Agogo anga anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito kuno kalekale, mawu ambiri a Chichewa anawaiwala koma "chitsiru" sanaiwale mpaka tsiku lomwalira.

MphunzitsiWopuma
Mayi amene mwayambitsa nkhaniyi, pepani. Ndiloleni ndiyambe ndi kusankhula mawuwa, chifukwa tawathira m'lichero limodzi pamene ndi mbewu zosiyana.

Alipo mawu onena za matenda ogwera munthu amene adali bwinobwino: misala, kupenga, kuzungulira mutu, kubalalika. Alipo ena onena za munthu amene nzeru zake zidachedwa chibadwire kapena adavulala ubongo ali mwana: chidzete, wozerezeka. Ndiye alipo onena za khalidwe la munthu walungalunga amene wachita zosaganiza: kupusa, kupepera, uchitsiru, ukape wa anyamata a masiku anowu. Mbuli ndi inanso, ameneyo ndi munthu wosadziwa, mawa akaphunzira umbuli watha.

Gulu lomalizali ine ndilibe nalo vuto kwenikweni. Munthu wagulitsa feteleza wa makuponi n'kukamwera mowa, kumuuza kuti wapusa ndi kumuuza zoona, ndipo akhoza kusintha. Vuto limabwera tikatenga dzina la matenda n'kulisandutsa chikwapu. Wodwala sadasankhe.

Taonaninso kapangidwe ka mawuwo. Chitsiru, chidzete, chidempete, chindere. Onse ayamba ndi chi-, ndipo akalowa m'chiganizo amakoka anzawo: "chabwera chija", "chikudya", "chisiyeni". Munthu wachoka m'gulu la mu- ndi a-, kumene kuli munthu, mwana, mlendo, walowa m'gulu la chinthu, chitseko, chikuni. Pakamwa patsogola, manja amatsatira. Chinthu sachifunsa maganizo, amangochisuntha.

MauleMpakaKale
Aphunzitsi, nanga chiphadzuwa? Nachonso ndi chi-. Ndikauza mkazi wanga kuti ndi chiphadzuwa ndamusandutsa chitseko?

MphunzitsiWopuma
Mwandigwira pamenepo, achimwene, si chi- aliyense wonyoza. Koma kayeseni madzulo ano kunena kuti "chiphadzuwa changa chaphika, chikudya" muone ngati mugone m'nyumba.

Kabaza_265
Kkkkkk aphunzitsi 1, Maule 0. Ngati mmene zimathera mukakumana ndi Manoma.

MauleMpakaKale
Iwe usayambe. Tawerenga makapu kaye ubwerenso.

NyerereYeniyeni
Anthu ofiira inu ndiye amisala enieni, mumavina ndi mukagonja momwe.

WoyanganiraGulu
Mwaona? Nkhani ili pakati, wina watulutsa kale mawu omwe tikukambiranawo. Za mpira kuli malo ake. Tibwerere kwa mayi aja.

MkuluWaMpingo
Ine ndingokumbutsa kuti pa Mateyu 5:22 Ambuye anaika kunena mbale wako kuti chitsiru pamzere umodzi ndi mlandu woyenera moto wa Gehena. Si nkhani yaing'ono. Ndipo Yesu mwini anaitanidwapo dzina lomwelo: pa Marko 3:21 abale ake anapita kukamugwira poganiza kuti wazungulira mutu. Paulo naye, akudziteteza pamaso pa mfumu Agripa, Festo anamudula pakamwa n'kunena kuti kuphunzira kwambiri kwamupengetsa. Onani pa Machitidwe 26:24. Njira ya msungichuma wanuyo ndi yakale: munthu ukasowa chomuyankha, umutche wamisala.

MtsutsiWaPaMudzi
Akulu a mpingo, werengani zonse. Paulo yemweyo anatcha Agalatiya kuti opusa, chaputala 3 ndime yoyamba. Yesu anatcha Afarisi opusa ndi akhungu pa Mateyu 23. Ndiye zikutheka kunena munthu kuti wapusa osapita kumoto. Komanso kunena zoona, m'matchalitchi mwathumu ndi momwe odwala amamva zowawa kwambiri. Uli ndi ziwanda, uli ndi mizimu ya kwanu, sunalape. Ena mpaka kuwauza kuti ataye mankhwala asonyeze chikhulupiriro.

MkuluWaMpingo
Pa zotaya mankhwalazo sindikutsutsani. Zimachitika ndipo ndi kulakwa. Kwathu timapempherera munthu n'kumuperekeza kuchipatala. Pa Afarisiwo, anali anthu amphamvu, ophunzira, akudzudzulidwa pa zochita zawo. Sanali telala wodwala wofunsa za ndalama za mjigo.

NesiWaUsiku
Ndagwira ntchito ndi odwala oterewa zaka zingapo, ndiye ndiyankhulepo motalikirako, mundipirire.

Choyamba, mawu akuti misala ndi thumba lomwe timaponyamo zinthu zosiyana kwambiri. Munthu wa malungo aakulu ofika kuubongo amabwebweta. Wa meninjaitisi chimodzimodzi. HIV ikafika patali imatha kusokoneza mutu. Mayi wina amasokonezeka patangopita masiku ochepa atabereka, ndipo akathandizidwa msanga amachira n'kulera mwana wake. Wina ndi mowa, wina ndi chamba, wina ndi matenda okhalitsa ngati a achimwene anuwo, wina ndi ukalamba, agogo aiwala njira ya kwawo ife n'kumati ndi mfiti yagwa pa ndege. Khunyu ndiye si misala n'komwe, komanso sapatsirana, koma mpaka lero anthu amathawa munthu akagwa poopa thovu. Ndaonapo mtsikana atapsa mkono wonse chifukwa anagwera pamoto anthu n'kumangoonerera. Onsewa dzina ndi limodzi: wapenga. Ndiye dzina likakhala limodzi, anthu amaganiza kuti mathero akenso ndi amodzi, kutola zinyalala pamsika.

Chachiwiri, chomwe ambiri sadziwa. Kuuma thupi kuja, kuyenda ngati loboti, kunjenjemera manja, kutuluka dovu, nthawi zambiri si matendawo ayi. Ndi mankhwala akalewa, monga chlorpromazine, haloperidol ndi jakisoni wa pamwezi uja. Pali kam'bulu kena, benzhexol, kamene kamachepetsa zimenezi, kapena adokotala amatsitsa mlingo. Ndiye taganizani: munthu akumwa mankhwala mokhulupirika, mutu wakhazikika, koma chifukwa dovu likutuluka ana akumuthamangira kumbuyo akuimba "chidzete, chidzete." Amasiya mankhwala. Pakatha miyezi itatu abale akumubweretsa atamumanga ndi chingwe cha ng'ombe. Anthu aja amvekere, "Mwaona, misala sichira."

Ena amabwera kudzatenga mankhwala atabisa buku la kuchipatala m'kati mwa malaya, amadikira mzere uthe kuti aneba asawaone akulowa chitseko chathu. Ena amakwera minibasi kukatengera kuchipatala cha boma lina. Mawu amenewa ali ndi mtengo wake, ndipo amalipira ndi wodwala.

Za mwezizo ndi nkhambakamwa. Ine ndagwira usiku wa mwezi wowala ndi wa mdima, odwala amabwera chimodzimodzi. Azungu nawonso ankakhulupirira zomwezo, mawu awo akuti lunatic anachokera ku luna, dzina la mwezi m'Chilatini.

Pa funso lanu mayi, ife timati munthu amene akudwala matenda a muubongo, kapena matenda a maganizo. Koma achimwene anuwo ali ndi dzina, ndipo pamsonkhano wa mjigo matenda awo sanali pa ajenda.

GogoWaPaFoni
Anesi mwayankhula. Ana inu, makolo adasiya mwambi woti wamisala adaona nkhondo. Ankatiuza kuti munthu wina amene mudzi wonse unkamuyesa wopenga adabwera akuthamanga, akukuwa kuti nkhondo ikubwera kuseri kwa phiri. Anthu adaseka, adapitiriza kumwa mowa wawo. Mmene ankadzidzimuka n'kuti adani ali m'mudzi. Telala wanuyo waona nkhondo ya K300,000.

LoyaWaMawa
Ndiwonjezereko za malamulo ndi mbiri, chifukwa nthabwala ya Zombayi ili ndi pochokera. Malo oyamba osungirako odwala misala m'dziko muno anatsegulidwa mu 1910, ndipo anali mbali ya ndende ya Zomba. Oyang'anira anali a ndende, osati achipatala. Chipatala chenichenicho chinadzatsegulidwa mu 1953. Ndiye kwa zaka zoposa 40, kupita ku Zomba chifukwa cha mutu kunalidi kumangidwa. Mpake agogo athu ankakuopa, ndipo mantha aja tinayamwira.

Malamulo nawo anali ndi pakamwa poipa. Lamulo loyendetsa chithandizo cha odwalawa, Mental Treatment Act, linalembedwa mu 1948 nthawi ya atsamunda, ndipo tinakhala nalo zaka zoposa 70. Mu Penal Code, gawo 139 loteteza anthu a ulumali wa muubongo kwa ogwiririra linkawatchula kuti idiot ndi imbecile. Lamulo lokuteteza lomwelo linkakutukwana.

Chodabwitsa n'chakuti mawu a Chingelezi amenewa nthawi ina anali a madokotala. Idiot, imbecile ndi moron anali magulu oyezera nzeru. Liwu la moron analipanga ndi katswiri wa ku America, Henry Goddard, mu 1910. Anthu atawatola n'kuyamba kutukwanirana, madokotala anasamukira ku mentally retarded. Nalonso linaola, mpaka mu 2010 America inakhazikitsa lamulo lolichotsa m'malamulo a boma. Ku Britain bungwe lina lothandiza olumala linkatchedwa Spastics Society, linasintha dzina mu 1994 kukhala Scope chifukwa ana a sukulu anali atasandutsa liwulo chitonzo.

Mayi, ngati mukufuna njira ya lamulo, gawo 182 la Penal Code limaletsa mawu achipongwe oputa munthu mpaka kusokoneza mtendere. Koma kunena mosabisa, nkhani ngati iyi imatha bwino kwa amfumu kusiyana ndi kupolisi.

MauleMpakaKale
A loya mwandithandiza osadziwa. Mwaonetsa nokha kuti kusintha mawu n'kutaya nthawi. Mubweretse liwu latsopano lero, pofika chaka chamawa ana akutukwanirana lomwelo. Panopa ndamva kale ana akunenana kuti "iwe ndiwe special needs." Tinachoka pa opunduka, tinapita pa olumala, pano tili pa aulumali, koma njinga zawo sizikwerabe masitepe a maofesi.

MtsutsiWaPaMudzi
Apa ndiye ndili mbali ya Maule. Mabungwe amakonda zosintha mawu chifukwa n'zotchipa, wekishopu imodzi ku nyanja, ma allowance, basi. Mankhwala akasowa kuchipatala cha kwathu palibe amene amaitanitsa wekishopu.

NaPhiriWaKuLeeds
Koma si zoona kuti sizithandiza konse. Ndili mwana, munthu wachialubino tinkamutcha napweri kapena mzungudala pamaso pake, akuluakulu ali pomwepo osatiletsa. A bungwe la anthu achialubino la APAM ndi ena analimbana nazo, makamaka anthuwa atayamba kuphedwa. Lero mwana akanena mawu amenewo m'minibasi, anthu amamutembenukira. Sikuti mavuto awo atha, koma pali mzere umene unajambulidwa. Kuno ndimagwira ntchito yosamalira okalamba oiwalaiwala, ukangomutcha wodwala dzina lachipongwe ntchito yatha tsiku lomwelo. Poyamba ndinkaona ngati n'zachizungu. Kenako ndinazindikira kuti wantchito amene amatukwana ndi yemweyonso amakoka nkhalamba mwankhanza posambitsa.

MayiWaChigayo
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndalephera kupirira.

Mwana wanga wachiwiri ali ndi zaka 14. Pobadwa anachedwa kulira, ndinavutika naye usiku wonse, ndipo adokotala anatiuza kuti mpweya unachedwa kufika kuubongo. Anayenda ali ndi zaka zinayi. Amayankhula mawu owerengeka, amatuluka dovu, ndimamumangira kansalu pakhosi. Amakonda nkhuku kwambiri, m'mawa uliwonse ndi iye amatsegula khola, ndipo imodzi ikasowa amadziwa ife tisanadziwe.

Tsoka lathu n'lakuti bambo ake ali ndi chigayo. Anachigula ndi ndalama za fodya mwanayu ali ndi zaka zisanu, atabadwa kale chonchi. Koma pitani mukafunse m'mudzi mwathu. Akuuzani kuti tinamuika m'chigayo, ndi chizimba, ndi ndondocha yathu, usiku ndi amene amayendetsa injini. Tsiku lina mayi wina anabwera kudzagayitsa, mwana wanga anamuthamangira kuti amulandire thumba monga amachitira ndi aliyense. Mayiyo anabweza thumba n'kunena mokweza kuti, "Chichotseni ichi, chingandithere ufa." Ichi. Aphunzitsi aja akunena zoona za chi-. Ndinalowa kuseri kwa chigayo n'kulira, injini ikulira, kuti asandimve.

A Maule, inu ndi mnzanuyo pitirizani kutchulana zitsiru, palibe akukuletsani. Nonse mukudziwa kuti si zoona, n'chifukwa chake zimakoma. Kwa mwana wanga anthu amanena akukhulupirira.

MauleMpakaKale
Mayi, pepani kwambiri. Apo ndilibe mawu.

GogoWaPaFoni
Chitsiru chili ndi mwini, adatero akale. Mwambiwo liwu lake ndi lomwelo loipalo, koma nzeru yake ndi yoti aliyense ali ndi amake amene adamumva kuwawa pobereka. Limbani mtima mwanawe.

MphunzitsiWopuma
Mayi a chigayo mwandikumbutsa tchimo langa. M'ma 1980 ndinkaphunzitsa Sitandade 3, ana oposa 100 pansi pa mtengo. Padali mnyamata wina wokhala kumbuyo, ukamufunsa funso amangokuyang'ana kukamwa kuli yasa. Ndidamutcha Bulutu. Kalasi yonse idatola, dzina lake lenileni lidafa. Adabwereza kawiri n'kusiya sukulu. Patapita zaka ndidakumana naye ali kalipentala, ndipo pocheza ndidaona kuti amatembenuza mutu kuti andimvere khutu lamanzere. Adandiuza kuti lamanja lidatuluka mafinya ali wamng'ono n'kugontha. Mwana uja sankamva, ine n'kumati ndi mbuli. Chondipweteka n'chakuti adandilonjera mwaulemu wonse, n'kudzitchula yekha kuti, "Ndine Bulutu uja, sala." Mpando umene ndakhalira polemba izi adandikhomera ndi iye, ndipo adakana ndalama.

MwanaWaKuRumphi
Kwathu kumpoto mawu aliponso, kufuntha, vifusi, ndi chindere chakufikapo chija mumachikonda a pakati inu. Koma pali chinthu chimodzi chimandiganizitsa. Munthu akadwala vimbuza satukwanidwa. Mudzi umasonkhana usiku, ng'oma zimalira, azimayi amaimba, wodwalayo ali pakati akuvina, ndipo mawa lake amapita kumunda ngati wina aliyense. UNESCO inachita kuzindikira gule ameneyu mu 2005. Sindikunena kuti ng'oma ilowe m'malo mwa jakisoni, a St John of God ku Mzuzu akugwira ntchito yaikulu ndipo abale anga awiri anathandizidwa kumeneko. Ndikungoti anthu omwewo amene amaimbira wa vimbuza ndi amene amagenda wa vifusi. Dzina limene mudzi wakupatsa ndi limene limanena ngati ulandire ng'oma kapena miyala.

Kabaza_265
Nanga asuweni? Kwathu msuweni wanga akandipeza amanditukwana mpaka agogo anga, "wopenga iwe, banja lonse la amisala." Pamaliro adzukulu ndiye amanyanya. Chimenechonso ndi chikhalidwe chathu, tisachitaye.

WaChipata
Ngati ife Angoni ndi Abemba kuno, chimbuya. Pamaliro timapakana ufa n'kutchulana anyani ndi mbewa. Koma chimbuya chili ndi lamulo lake: umanyoza amene angakubwezere. Ndipo ngati m'banjamo mulidi wodwala mutu, wachimbuya wanzeru liwu limenelo amalilumpha.

MwiniNkhani
Mwakamba zambiri za ife, ndiye ndiloleni mmodzi wa ife ayankhule. Ndili ndi matenda aja amakukweza kumwamba kenako n'kukugwetsa pansi, achipatala amati bipolar. Ndagonekedwapo kawiri. Ndili pantchito, ndili ndi banja, ndimamwa mankhwala usiku uliwonse.

Mwina ndikudabwitsani: liwu lakuti wamisala palokha silindiwawa kwenikweni. Tikakumana pamzere wa mankhwala timaseka tokha, "amisala anzanga, mwadzuka bwanji?" Ndipo mawu aulemu aja nthawi zina amandinyansa kuposa, munthu akamati "anzathu a mavuto a m'maganizo" ndi mawu ofewa ngati akuyankhula ndi khanda.

Chimene chimawawa ndi ichi: chilowereni m'chipatala muja, ndinalandidwa ufulu wokwiya. Munthu wina aliyense akhoza kupsa mtima kondakitala akamubera chenji. Ine ndikangokweza mawu pang'ono, mkazi wanga, amene amandikonda ndithu, amafunsa motsitsa, "Mwamwa mankhwala?" Ndikasangalala kwambiri, ayamba kundiyang'anitsitsa. Ndikatsutsa mfundo pamsonkhano wa banja, amalume amatsinzinira ena diso. Pa nkhani ya munda wa malemu bambo athu ndinali ndi mapepala onse m'manja, koma mawu anga sanawerengedwe, ndipo palibe amene ananditukwana tsiku limenelo. Onse anali aulemu.

Ndiye chemwali, musalimbane kwambiri ndi kupeza liwu labwino. Msungichumayo akanatha kunena mwaulemu kuti "achimwenewa ali ndi vuto la maganizo, tiwamvetse," zotsatira zake zikanakhala zomwezo. Chimene anawalanda ndi funso lawo. Kabwezeni funsolo pabwalo. Munthu wina alifunsenso, ndipo anene poyera kuti ndi funso la atelala lija, likufuna yankho.

Komanso muwafunse eni akewo zimene akufuna. Mwatifunsa tonse pano, iwo mwawafunsa?

NesiWaUsiku
Izi ndiye zimene ine sindikanatha kunena. Funso la "mwamwa mankhwala" nanenso ndimalifunsa, ndi ntchito yanga, koma lero mwandipatsa manyazi.

MtsutsiWaPaMudzi
Komabe achimwene, tinene zoona, nthawi zina funsolo limapulumutsa. Mchemwali wanga akayamba kudzuka 2 koloko usiku kuchapa makatani, tikudziwa kuti zayamba. Tikhale chete poopa kumulakwira?

MwiniNkhani
Ayi, funsani. Ine ndi mkazi wanga tinagwirizana zizindikiro zitatu: ndikagona maola osakwana anayi masiku awiri otsatizana, ndikayamba kumwaza ndalama, ndikayamba kuimbira anthu foni pakati pa usiku. Akaona zimenezo ali ndi chilolezo chonse, ngakhale kundiperekeza kuchipatala. Koma kukwiya chifukwa ESCOM yazimitsa magetsi mpira uli mkati sikuli pa mndandandawo.

NyerereYeniyeni
Kukanakhala pa mndandanda bwenzi dziko lonse lili pa jakisoni.

MlongoWaTelala
Zikomo nonse, makamaka a MwiniNkhani. Funso lanu linandibaya, chifukwa zoonadi sindinawafunse. Dzulo madzulo ndinapita kukhonde kuja ndinawapeza akumalizitsa madiresi a kwaya. Ndinawafunsa ngati akufuna tikadandaule kwa amfumu za chipongwe chija. Anaseka n'kuti za Zombazo anazizolowera, ngakhale ana amene amawasokera mayunifolomu amawatcha choncho akapotoloka. Chimene chikuwawawa ndi choti madzi tikukatunga kudambo pamene tinasonkha.

Ndiye m'mawa uno ndinapita kwa amfumu ndi amayi ena atatu, osatchula za kutukwana, tangopempha kuti buku la ndalama za mjigo libwere pabwalo liwerengedwe mokweza. Amfumu avomera, akuti Loweruka likubwerali. Achimwene akuti iwo sapitako, ali ndi maoda ambiri. Koma anang'amba chikatoni cha sopo chimene amadulirapo mapatani a makolala, alembapo masamu onse mwezi ndi mwezi ndi choko chosokera, mpaka kuchotsera K45,000 imene komiti inagulira mapaipi mwezi wa Febuluwale, yomwe ine ndinali nditaiwala. Akuti ndikawerenge ineyo. Chikatonicho chili m'chikwama mwangamu.

Kabaza_265
Ndiye yatsala K255,000. Chemwali mudzatiuze Loweruka mmene nkhope ya msungichuma idzaonekere. Komanso tandifunsireni atelalawo, thalauza la sukulu la mwana wa Sitandade 6 amasoka zingati nsalu ikakhala yanga?